Adamusonkhera atamenyedwa pagulu: Kodi chifundo cha anthu chingafike pati?

Kanema wa pafoni yemwe adazungulira dziko la America mu Epulo 2019 adali wovuta kumuonera mpaka kumapeto. Adaonetsa mwamuna wa mphamvu zake akukhoma nkhonya mtsikana yemwe adali atagwa kale pansi, ena akumuponda, khamu la anthu likukuwa ndi kutukwana, mafoni ali m'mwamba kujambula. Mtsikanayo adali Muhlaysia Booker wa zaka 22, wokhala mumzinda wa Dallas m'chigawo cha Texas. Iye adali mmodzi mwa anthu omwe pa Chingerezi amatchedwa transgender: adabadwa ndi thupi lachimuna, koma adadzizindikira kuti ndi mkazi, ndipo ankavala, kukhala ndi kudziwika ngati mkazi.

Gwero la chipwirikiticho lidali laling'ono. Pa 12 Epulo, Booker akubweza galimoto panja pa nyumba zalendi za Royal Crest m'dera la Oak Cliff, adagunda galimoto ina. Iye adauza apolisi kuti mwini galimotoyo adamuloza ndi mfuti kuti asachoke asadalipire. Anthu adayamba kuunjikana, ndipo malinga ndi apolisi, wina pagululo adalonjeza $200, yomwe idali pafupifupi K350 000 pa mtengo wa kubanki mu 2025, kwa mwamuna wina dzina lake Edward Thomas kuti amumenye. Booker adathyoka fupa la pamkono ndipo adavulala kumaso ndi m'mutu. Adamupulumutsa ndi amayi angapo omwe adalowerera pakati pa khamulo, kumunyamula, kumuika m'galimoto ndi kuthamangira naye kuchipatala.

Papita zaka chichitikireni izi, koma funso lomwe nkhaniyi idadzutsa likunka likula mu America wa lero, pomwe boma likudula ndalama za zaumoyo komanso kuchotsa dzina la anthu a transgender m'malamulo ndi m'ndondomeko zake. Munthu wotere akavulazidwa n'kutuluka m'chipatala ali moyo, bilu imapita kwa yani? Nanga amamusunga ndani kufikira atachira?

Kwa Booker, yankho loyamba lidachokera kwa anthu a mtundu wake. Anzake ndi ena omufunira zabwino adayamba kusonkha ndalama pa intaneti. Bungwe la Abounding Prosperity, lomwe limagwira ntchito pakati pa anthu akuda kummwera kwa Dallas pa nkhani za HIV ndi umoyo wa amuna ndi akazi okondana okhaokha komanso a transgender, lidamugwira mkono. Mfumu ya mzindawo panthawiyo, Mike Rawlings, idadzudzula poyera zomwe idazitcha chiwawa cha gulu. Patangotha sabata imodzi, Booker adaima pamaso pa anthu pamsonkhano wothokoza omwe adamuthandiza. Adati ulendo uno watha kuima pamaso pawo ali moyo, pomwe nthawi zambiri anthu ngati iye amasonkhanirana pamwambo wa maliro.

Kulowa n'kwaulere, kutuluka n'kolipira

Kwa Mmalawi yemwe adazolowera kupita ku Queens kapena ku Central popanda kufunsidwa ndalama pakhomo, zimadabwitsa kuti m'dziko lolemera chotero munthu womenyedwa ayenera kusonkheredwa kuti aonane ndi dokotala. Koma dziko la America lilibe ndondomeko imodzi ya boma yopereka chithandizo kwa aliyense. Anthu ambiri amadalira inshulansi yomwe amaipeza kudzera kuntchito. Wopanda ntchito yokhazikika, kawirikawiri amakhalanso wopanda inshulansi.

Lilipo lamulo la 1986, lodziwika kuti EMTALA, lomwe limakakamiza zipatala kulandira aliyense wofika pangozi ndi kumuthandiza kufikira atachoka pamalo oopsa, kaya ali ndi ndalama kapena ayi. Lamuloli silikhululukira ngongole. Wodwala akangofika kunyumba, makalata amayamba kubwera: ya ambulansi payokha, ya chipinda cha odwala mwadzidzidzi payokha, ya wojambula mafupa payokha, ya dokotala wa opaleshoni payokha. Ndipo zomwe zimatsatira pambuyo pake, monga kuphunzitsanso mkono kugwira ntchito, kukonzetsa mano, kuonana ndi aphungu a maganizo, sizili m'gulu la zadzidzidzi, choncho palibe lamulo lokakamiza wina aliyense kuzipereka.

Ku Texas vutoli ndi lalikulu kuposa kwina kulikonse. M'chaka cha 2019, anthu pafupifupi 18 mwa 100 alionse m'chigawochi adalibe inshulansi ya zaumoyo, chiwerengero chokwera kuposa zigawo zonse za dzikolo. Lamulo la zaumoyo lomwe mtsogoleri wakale Barack Obama adasainira mu 2010 lidafuna kuti ndondomeko ya Medicaid, yomwe imalipirira osauka, ifikire akuluakulu onse opeza movutikira. Koma mu 2012 bwalo lalikulu la Supreme lidagamula kuti chigawo chilichonse chili ndi ufulu wovomera kapena kukana, ndipo Texas idakana mpaka lero. Zotsatira zake n'zakuti munthu wamkulu wopanda mwana, yemwe sali woyembekezera kapena wolumala, sangalowe mu Medicaid ku Texas ngakhale atasauka chotani. Atsikana ambiri a transgender a msinkhu wa Booker amagwera ndendende m'mpata umenewu.

Kafukufuku wamkulu wa mu 2015, yemwe adafunsa anthu a transgender 27 715 m'dziko lonselo, adapeza kuti 29 mwa 100 alionse ankakhala mu umphawi, ndipo pakati pa akuda chiwerengerocho chidafika 38. Mmodzi mwa atatu alionse adati m'chaka chapitacho adalephera kuonana ndi dokotala kaamba kosowa ndalama. Enanso 23 mwa 100 adati adapewa dala kupita kuchipatala poopa kunyozedwa. Chiwerengero chomalizachi n'chofunika kuchisinkhasinkha, chifukwa chikusonyeza kuti ngakhale ndalama itapezeka, khomo la chipatala silitseguka mofanana kwa onse.

Pali thumba la boma lomwe cholinga chake n'kuthandiza anthu ochitiridwa upandu. Ku Texas limayendetsedwa ndi ofesi ya mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, ndipo limatha kulipira mpaka $50 000 pa zinthu monga bilu ya kuchipatala, uphungu ndi malipiro omwe munthu wataya pokhala osagwira ntchito. Papepala ndi ndondomeko yabwino. Komabe, kuti munthu alandire, ayenera kukadandaula kupolisi ndi kugwirizana nawo pa kafukufuku, ndipo pempho likhoza kukanidwa kapena kuchepetsedwa ngati akuluakulu aona kuti khalidwe la wovulalayo lidathandizira kuti avulale. M'kafukufuku wa 2015 uja, oposa theka adati sangamasuke kupempha thandizo kupolisi. Ena amapeza chakudya kudzera m'ntchito yogulitsa thupi, yomwe ndi mlandu, kotero kupita kupolisi kuli ngati kukadzipereka okha. Mu 2023, bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press lidaunika zigawo 23 zomwe zidapereka ziwerengero zawo ndipo lidapeza kuti m'zigawo 19, mapempho a anthu akuda ankakanidwa kwambiri kuposa a azungu. Kuonjezera apo, thumbali limalipira pambuyo, mapepala atayenda, pomwe mwini nyumba amafuna lendi pa 1.

Mbale yopemphera ya pa intaneti

Mpata umenewu ndiwo wadzazidwa ndi masamba osonkhera ndalama, makamaka GoFundMe, yomwe idayamba mu 2010. Kachitidwe kake n'kosavuta. Munthu amalemba nkhani ya wovutikayo, kuika chithunzi, kutchula ndalama yomwe ikufunika, kenako n'kufalitsa pa Facebook ndi masamba ena. Kampaniyo imadulapo pafupifupi 3 peresenti pa chopereka chilichonse. Mu 2019, mkulu wa kampaniyo panthawiyo, Rob Solomon, adavomereza kuti pempho limodzi mwa atatu alionse patsambalo limakhala la bilu za kuchipatala.

Ubwino wake ndi woonekeratu ndipo sitiyenera kuupeputsa. Ndalama imafika m'masiku ochepa. Palibe wofunsa kalata ya kupolisi. Palibe kalaliki woyang'ana chiphaso n'kuyamba kufunsa chifukwa chomwe dzina lolembedwapo ndi lachimuna pomwe waima patsogolo pake ndi mkazi. Ndalamayo itha kugula zomwe inshulansi siingagule: chipinda cha kuhotela kwa masabata awiri pomwe womenyedwayo akuopa kubwerera kwawo, foni yatsopano m'malo mwa yosweka, thiransipoti yopitira kukhothi, chakudya. Kwa munthu yemwe makolo adamuthamangitsa ali wachichepere, kuona mazana a anthu osamudziwa akuponya kangachepe kumachiritsa china chake chomwe dokotala sangachifike.

Koma tikayang'ana ziwerengero, chithunzicho chimasintha. Akatswiri awiri a pa University of Washington, Nora Kenworthy ndi Mark Igra, adaunika mapempho a zachipatala oposa 437 000 omwe adaikidwa pa GoFundMe kuyambira 2016 mpaka 2020. Zotsatira zake, zomwe zidasindikizidwa mu 2022, zidaonetsa kuti mapempho 12 okha mwa 100 ndiwo adakwanitsa ndalama yomwe ankafuna, pomwe 16 mwa 100 sadalandire ngakhale tambala. Chowawa kwambiri n'chakuti m'madera momwe anthu ambiri alibe inshulansi ndipo ali ndi ngongole zambiri za kuchipatala, mapempho adali ochuluka koma ndalama zosonkhedwa zidali zochepa. Chifukwa chake si chachinsinsi. Anthu oyamba kupereka amakhala abale, anzako a kuntchito ndi a kutchalitchi. Wosauka amazunguliridwa ndi osauka anzake, ndipo wokanidwa ndi banja lake amayamba mpikisanowu ali kale kumbuyo.

Choncho chomwe chimasiyanitsa pempho lopambana ndi lolephera si kukula kwa bala. Ndi kuchuluka kwa maso omwe aona balalo. Booker adathandizidwa chifukwa wina adajambula kumenyedwa kwake, ndipo kanemayo adafika pa mawailesi akanema a dziko lonse. M'mwezi womwewo mudali ena omwe adamenyedwa kuseri kwa nyumba, usiku, popanda wojambula. Iwo adabwerera kunyumba ndi mabala awo mwakachetechete. Apa pali chinthu chosautsa chomwe ochirikiza njirayi sakonda kuchitchula: kuti anthu atsegule zikwama, wovulalayo ayenera kudzionetsa pa nthawi yomwe ali wofooka kwambiri. Nkhope yotupa ndiyo imakoka chopereka. Kanema yemwe adabweretsera Booker thandizo ndi yemweyo adachititsa kuti aliyense mu Dallas, womukonda ndi womuda yemwe, adziwe nkhope yake ndi dera lomwe ankapezeka.

Nkhani ya kukhulupirika nayo siichedwa kubuka. Anthu a ku America sadaiwale za banja lina la ku New Jersey lomwe mu 2017 lidasonkhetsa ndalama zoposa $400 000 ponamizira kuthandiza munthu wosowa pokhala, nkhani yomwe idathera kundende. Chinyengo chotere n'chosowa poyerekeza ndi kuchuluka kwa mapempho, koma chimasiya chikayiko chomwe chimagwera kwambiri anthu omwe amakayikiridwa kale. Wovulalayo amayamba kufunsidwa malisiti ndi anthu omwe adapereka $10, ndipo akaoneka atavala nsapato zatsopano, mlandu umayambika pa Facebook.

Masiku 36

Pa 18 Meyi 2019 m'mawa, patatha masiku 36 chimenyedwereni, thupi la Booker lidapezeka pamsewu kummawa kwa Dallas pafupi ndi bwalo la gofu la Tenison Park. Adachita kuomberedwa. Apolisi adati sadapeze umboni wolumikiza imfayo ndi kumenyedwa kwa mu Epulo. Mwezi wotsatira adagwira mwamuna wina, Kendrell Lyles, yemwe mu Novembala 2023 adavomera mlandu wakupha ndipo adalamulidwa kukakhala kundende zaka 48. Patatha masabata awiri chimwalilireni Booker, thupi la mtsikana wina wakuda wa transgender lidavuulidwa m'nyanja ya White Rock mumzinda womwewo.

Sikungakhale kulungama kunena kuti omwe adasonkhera Booker adalephera. Iwo adachita zomwe anthu wamba angathe, ndipo adazichita mwachangu kuposa ofesi iliyonse ya boma. Chomwe imfa yake idaonetsa ndi malire a thandizo lotere. Chopereka chimabwera ngati mvula ya mkuntho, yambiri m'masiku atatu oyamba, kenako n'kuleka anthu akatembenukira ku nkhani ina. Kuchira kwa munthu womenyedwa kumayenda pa liwiro lina. Fupa limatenga masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, mantha amatenga zaka, ndipo zomwe zidamuika pangozi poyamba, monga kusowa ntchito yodalirika, kusowa nyumba yotetezeka ndi kukhala m'dera lomwe anthu angalipirane $200 kuti akumenye, zimakhala zili pomwepo tsiku lomwe ndalama yatha.

Mlandu wa Thomas udazengedwa mu Okutobala chaka chomwecho, mwini nkhani ali kumanda. Boma lidamuimba mlandu waukulu wovulaza munthu modetsa nkhawa. Maloya ake adaumirira kutchula Booker ndi dzina lachimuna lomwe adabadwa nalo, ndipo adauza bwalo kuti iyi idali ndewu wamba ya amuna awiri. Nzika zomwe zidasankhidwa kuweruza mlanduwo zidamupeza wolakwa pa mlandu wocheperako, ndipo chilango chidali masiku 300, kuphatikizapo omwe adali atakhala kale m'chitokosi. Njira yomwe maloyawo adatsata ikuonetsa kuti funso loti Booker adali yani silidali la ulemu chabe. Lidakhudza kulemera kwa mlandu weniweniwo.

Lamulo la Texas la milandu yochitidwa kaamba ka chidani, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2001 pokumbukira James Byrd Jr., munthu wakuda yemwe adaphedwa mwankhanza ndi azungu mu 1998, limaonjezera chilango ngati munthu wachitiridwa nkhanza kaamba ka mtundu, chipembedzo, kulumala kapena yemwe amagonana naye. Anthu a transgender sadatchulidwemo. Lamulo la dziko lonse la 2009 limawatchula, koma milandu yambiri ya kumenyana imazengedwa ndi zigawo. Nthawi zina chiwawa chojambulidwa chimasuntha aphungu: mtsikana wina wa transgender atamenyedwa m'malo odyera a McDonald's pafupi ndi Baltimore mu 2011, kanemayo adathandiza kukankha malamulo oletsa tsankho m'boma la Baltimore mu 2012 ndi m'chigawo chonse cha Maryland mu 2014. Ku Texas sizidatero.

Thandizo lomwe limakhalitsa

Kusamalirana pakati pa anthu a transgender kudayamba kale intaneti isadabwere. Mu 1970 ku New York, Marsha P. Johnson ndi Sylvia Rivera adayambitsa gulu lotchedwa STAR ndipo adapeza nyumba momwe ankasungiramo achinyamata othamangitsidwa kwawo, iwo eni akusakasaka lendi ndi chakudya m'misewu. M'mizinda yambiri, pakati pa akuda ndi ochokera ku Latin America, mudakhazikika mabanja ochita kupanga, momwe wamkulu amatchedwa mayi ndipo achichepere ndi ana ake. Mayi wotere ndiye amadziwa dokotala yemwe sanyoza, loya yemwe salipiritsa, ndi pogona pomwe munthu angabisale usiku wa lero. Ntchitoyi siioneka pa intaneti ndipo palibe amaiwerengera mtengo, koma ndiyo imapitirira makamera akachoka. Pambuyo pa maliro, omwe adachitikira kutchalitchi cha Cathedral of Hope, mayi ake omubereka a Booker adakhazikitsa bungwe m'dzina la mwana wawo lothandiza atsikana ena a transgender pa nkhani za pogona, uphungu ndi ntchito.

Pomwe ovulala ali ambiri nthawi imodzi, thandizo limakhala ladongosolo, ngakhale nalo lili ndi mikangano yake. Munthu wina atapha anthu 49 kumalo achisangalalo a Pulse ku Orlando mu Juni 2016, anthu adasonkha mamiliyoni a madola, ndipo zipatala ziwiri zomwe zidalandira ovulala zidalengeza kuti siziwatumizira bilu. Chiganizo cha zipatalazo chidachita m'tsiku limodzi zomwe mapempho mazana ambiri a pa intaneti sakadatha. Ku Colorado Springs mu Novembala 2022, komwe anthu asanu, awiri mwa iwo a transgender, adaphedwa kumalo otchedwa Club Q, kudabuka mkangano zitadziwika kuti bungwe lomwe linkasunga zopereka limadulapo 10 peresenti yoyendetsera ntchito zake. Opulumuka atadandaula, bungwelo lidapeza njira ina yolipirira ntchitozo. Munthu mmodzi womenyedwa pamalo oimika magalimoto alibe mwayi woterewu. Palibe chipatala chimaitanitsa atolankhani kudzalengeza kuti chamukhululukira ngongole.

Kuyambira 2025 katundu yense akunka natsamira pa mapewa a mabungwe ang'onoang'ono ndi anthu wamba. Pa 20 Januwale, tsiku lomwe adalumbiritsidwa kachiwiri, mtsogoleri wa dzikolo Donald Trump adasainira chilamulo chakuti boma lake lizizindikira mwamuna ndi mkazi potengera chibadwidwe basi, ndipo nthambi za boma zidauzidwa kusiya kupereka ndalama ku ntchito zotsutsana ndi mfundoyi. Mu Julaye, nthambi yapadera ya nambala yaulere ya 988, yomwe inkapereka uphungu kwa achinyamata a m'gululi omwe akuganiza zodzipha, idatsekedwa. Mwezi womwewo Trump adasainira lamulo la misonkho ndi kagwiritsidwe ntchito ka ndalama lomwe likudula kwambiri Medicaid. Ofesi yowerengera zachuma ya nyumba ya malamulo idati pofika 2034 anthu ena pafupifupi 10 miliyoni adzakhala opanda inshulansi. Ku Texas, aphungu adavomereza lamulo loti m'zimbudzi za m'nyumba za boma, m'ndende ndi m'malo osungirako amayi othawa nkhanza za m'banja, munthu azilandiridwa potengera chibadwidwe chake. Omwe adalichirikiza akuti likuteteza amayi ndi atsikana, ndipo ali ndi owatsatira ambiri. Koma kwa mtsikana wa transgender yemwe wamenyedwa ndipo akufuna pobisala, tanthauzo lake ndi lakuti makomo ena omwe akadagogoda atsekedwa, ndipo chipinda cha kuhotela cholipiridwa ndi zopereka chasanduka njira yokhayo.

Munthu atha kukhala ndi maganizo alionse pa nkhani ya chibadwidwe, ndipo anthu a zipembedzo ndi zikhalidwe zosiyana sadzagwirizana posachedwa. Koma mfundo yoti munthu wothyoledwa mkono ndi gulu ayenera kulandira chithandizo popanda kuyamba wapambana mpikisano wa kutchuka ndi yosavuta kuivomereza, ngakhale kwa yemwe sagwirizana ndi moyo wa wovulalayo. Amayi omwe adanyamula Booker pakati pa khamu lija sadayambe afunsa maganizo a wina aliyense.

Kuno kwathu

Anthu a transgender aliponso m'Malawi, ndipo nkhani zawo zidafikapo m'makhothi. Tiwonge Chimbalanga adamangidwa mu Disembala 2009 pambuyo pa chinkhoswe ku Blantyre, adagamulidwa zaka 14 mu Meyi 2010, ndipo adakhululukidwa ndi mtsogoleri wakale Bingu wa Mutharika patangopita masiku ochepa, mlembi wamkulu wa United Nations Ban Ki-moon ali m'dziko muno. Kutuluka m'ndende sikudamubwezere mtendere. Adakakhala ku Cape Town ngati wothawa kwawo mothandizidwa ndi bungwe la Gender DynamiX, ndipo mlembi wa ku South Africa Mark Gevisser, m'buku lake la 2020 lotchedwa The Pink Line, adafotokoza za nkhanza zomwe adakumana nazonso kumeneko. Pa 28 Juni 2024, bwalo lomasulira malamulo aakulu a dziko lino lidakana pempho la Jana Gonani, wa transgender yemwe adagamulidwa zaka 8 ku Mangochi mu 2021, ndi Jan Willem Akster wa ku Netherlands, loti ndime za malamulo zoletsa kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha zithetsedwe. Oweruza adati ntchito yosintha malamulowo ndi ya Nyumba ya Malamulo.

Vuto la kuno si bilu ya chipatala cha boma. Ndi njira yokafikira kumeneko. Chizolowezi n'chakuti womenyedwa amayamba wadzera kupolisi kukatenga kalata yopita nayo kuchipatala. Lipoti la bungwe la Human Rights Watch la mu Okutobala 2018, lomwe lidachokera pa kucheza ndi anthu 45 ku Lilongwe ndi ku Blantyre, lidapeza kuti ambiri omenyedwa ankaopa kukadandaula poganiza kuti amangidwa ndi iwowo, ndipo ena adanyozedwa ndi ogwira ntchito zachipatala. Woopa chipatala cha boma amathera ku chipatala cholipira, kapena amagula panado pagolosale n'kukagona. Apo ndipo ndalama imayamba kufunika.

Kusonkherana si chinthu chachilendo kwa Amalawi. Mbale imayenda pamaliro, magulu a banki m'khonde amathandizana pa matenda, ndipo mu Januwale 2021, Covid-19 itafika posauzana, mlembi Stanley Onjezani Kenani adatsogolera anthu wamba kusonkha ndalama pa Facebook zogulira zipangizo za m'zipatala. Koma njira zonsezi zimadalira kuti wovutikayo atchulidwe poyera ndipo anthu amumvere chisoni. Tsamba la GoFundMe silingatsegulidwe ndi munthu wa akaunti ya banki ya m'Malawi; pamafunika wachibale kapena mnzake wa ku Britain kapena America. Njira yapafupi ndi Airtel Money kapena Mpamba, koma nambala iliyonse ya foni idalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, ndipo wotumiza ndalama amaona dzina la wolandira. Kwa munthu wa transgender, limenelo ndi dzina lomwe adabadwa nalo, lomwe likhoza kufika kwa mwini nyumba, kwa abwana kapena kupolisi. Choncho kusonkherana kumachitika mobisa, m'magulu ang'onoang'ono a WhatsApp, pakati pa anthu omwe nawonso alibe zambiri.

Mabungwe monga Centre for the Development of People ndi Nyasa Rainbow Alliance ndiwo akhala akulozera anthu otere kwa anamwino ndi maloya omwe angawalandire. Mbali yaikulu ya ntchito zofikira magulu amenewa m'dziko muno inkayenda ndi ndalama za boma la America zolimbana ndi HIV. Chilamulo china chomwe Trump adasainira pa 20 Januwale 2025 chidaimitsa thandizo la kunja, ndipo pofika Julaye chaka chomwecho bungwe la USAID lidali litatsekedwa.